Gawo la Woyendetsa ndi Gawo la Woombera

Lamulungu lina, itatha Misa yachiwiri, ndidapeza anyamata awiri otumikira pa guwa ali kukangana kuseri kwa tchalitchi, ndipo mawu awo adali okwera kotero kuti amayi amene adali kusesa m'kati adaika matsache pansi nayamba kusuzumira pa mazenera. Poyamba ndidayesa kuti nkhani yake ndi ya ndalama kapena ya mtsikana, pakuti mikangano ya anyamata a msinkhu umenewo siipita kutali ndi ziwirizi. Koma nditawakhazika pansi ndi kuwafunsa bwino, ndidapeza kuti adali kulimbirana mphotho ya nkhondo imene siidamenyedwe m'dziko lililonse, m'ndege imene siidaulukepo pa thambo lililonse.

Kwa inu akuluakulu amene simudaonepo zimenezi ndiyenera kufotokoza pang'ono. Masiku ano kuli masewera a nkhondo a pa kompyuta, m'mene anthu ambiri, ena ali ku Blantyre, ena ku Johannesburg, ena kutsidya kwa nyanja zamchere, amakumana pa intaneti nagawikana magulu awiri. Aliyense ali pa makina ake, koma onse amaona bwalo limodzi la nkhondo. Mwa zida za m'masewerawo muli ndege zokwera anthu awiri: wina amaiyendetsa, wina amakhala pa mfuti. Pomaliza makinawo amawerenga mapointi a munthu aliyense, ndipo wa mapointi ambiri amakwera udindo nalandira zida zatsopano. Anyamata athuwa adasewera madzulo a Loweruka kwa mnzawo wina amene mkulu wake adabwera ndi makina otere kuchokera ku South Africa. Wamkulu adayendetsa, wamng'ono adaombera. Ndipo potsiriza dzina la wamng'ono lidaima pamwamba pa onse, pamene la wamkulu lidatsalira pansi, pafupi ndi maina a anthu amene sadachite kanthu.

"Bambo," adatero wamkuluyo, "ine ndine ndidamufikitsa pamwamba pa adani, ndine ndidazemba mizinga yawo, ndine ndidagwira ndege kuti isagwedezeke pamene iye adali kulunjika. Iyeyu ntchito yake idali kukanikiza chala basi." Wamng'ono adayankha mosatekeseka: "Koma amene adagwetsa adaniwo ndine, Bambo. Makina sanama."

Ndidaseka, ndipo ndidawabalalitsa kuti akadye. Funso lakuti kodi n'koyenera kuti ana athu azisewera zophana tidzalikamba tsiku lina, ndipo ndili nawo maganizo anga pa ilo. Koma mawu aja akuti makina sanama adanditsata mpaka usiku, chifukwa ndi oona, komabe mnyamata wamkulu uja adalakwiridwa ndithu. Makinawo adawerenga bwino chimene adauzidwa kuwerenga. Cholakwa chidali cha amene adasankha choti chiwerengedwe. Opanga masewerawa akhala akuvutika ndi funso lomweli. M'masewera otchedwa Battlefield, amene adayamba kutuluka m'chaka cha 2002 kuchokera ku kampani ya ku Sweden ya DICE, adafika poika lamulo lakuti woyendetsa azilandirako mapointi pamene womukwera waombera mdani. Adatero chifukwa adaona chimene chimachitika mukapanda kutero: palibe amene afuna kuyendetsa, onse athamangira ku mfuti, ndipo ndege ikhala pansi. Komanso mukampatsa woyendetsa zochuluka osayang'ana kayendetsedwe kake, apezeka aulesi ongozungulira kutali ndi moto, kudyera thukuta la mnzawo. Tsono funso la anyamata anga si lachibwana ayi. Ndi funso lakale: pamene anthu awiri kapena khumi achita chinthu chimodzi chimene palibe mwa iwo akadachichita yekha, kodi phindu lake tiligawe bwanji?

Ife a kuno ku Mangochi sitifunika kupita ku Sweden kukafuna yankho, pakuti funsoli limatera pa mchenga wathu m'mawa uliwonse. Pitani ku Msaka, ku Makawa, ku Malindi kapena ku Namiasi dzuwa lisanatuluke, mukaime pamene maboti a chilimira amakocheza. Usiku wonse wa mdima anthu pafupifupi khumi akhala pa madzi. Mmodzi mwa iwo, siginala, adakhala m'bwato lake la nyali, maso ali m'madzi, kudikira kuti usipa usonkhane ku kuwala. Iye ndiye adziwa pamene pali nsomba, adziwa kumene madzi akukokera, adziwa nthawi yoitanira anzake. Akafulumira pang'ono usipa ubalalika, akachedwa pang'ono utsika pansi. Akapereka chizindikiro, alovi a m'maboti amaponya khoka nazungulira nalo, iye n'kumapalasa pang'onopang'ono kutsogolera nsomba kukamwa kwa khokalo, ndipo kenaka amayamba kukoka zingwe ndi manja, misana ili yowerama, madzi ozizira ali kuwathira. Ntchito imeneyi amaibwereza kambirimbiri mpaka m'bandakucha. Alipo wogwira injini, alipo wokapa madzi m'boti, kawirikawiri mnyamata wamng'ono mwa onse. Ndipo alipo mwini khoka, amene adagona kunyumba, koma maboti, injini, nyali ndi khoka lomwe n'zake, ndipo mwina adazigula ndi ngongole kapena ndi ndalama za zaka zambiri zovutikira ku South Africa.

Kodi usipa umene uli m'botimo adaupha ndani? Siginala sadakhudze chingwe. Alovi sadaone nsomba kufikira zitalowa m'khoka. Mwini khoka sadanyowe n'phazi lomwe. Wokapa madzi sadaphe ngakhale kansomba kamodzi, koma akadaleka ntchito yake ola limodzi usiku wa mwera, onse akadamira pamodzi ndi usipa wawo. Kagawidwe kamasiyana doko ndi doko, koma m'madoko ambiri amayamba achotsa ndalama za mafuta ndi zina zimene zalowa pa ulendowo, chotsalacho nachigawa pakati, theka la mwini zida, theka la ogwira ntchito. Ndipo pa ogwira ntchitowo siginala amalandira koposa anzake.

Taonani tsono chodabwitsa. M'masewera a anyamata aja, wotsogolera chombo ndiye amanyozeka, ndipo wa dzanja lomaliza ndiye alandira ulemu. Pa nyanja zatembenuka: wotsogolera ndiye alandira zambiri, ndipo manja omaliza, amene akoka khoka mpaka zikhato kung'ambika, ndiwo alandira zochepa. Chifukwa chake n'chiyani? M'masewera mphotho itsata chimene chili chapafupi kuwerenga: mdani wagwa, waombera ndi uje, lembani. Kuzemba mzinga sikuwerengeka, pakuti tsoka limene silidachitike silisiya chizindikiro. Pa nyanja mphotho itsata chimene chili chosowa: siginala waluso ndi wosowa, ndipo eni makoka amalimbirana, pamene alovi ali mbwee pa doko, wina akakana lero, mawa pabwera atatu ochokera kumtunda kumene chimanga chidakanika. Miyeso iwiriyi, wa chowerengeka ndi wa chosowa, ndiyo imalamulira malipiro ambiri pa dziko lapansi. Yonse iwiri ili ndi nzeru yake, koma palibe mwa iyo umene uli chilungamo pa iwo wokha. Woyamba umayesa chimene diso laona, wachiwiri umayesa mphamvu ya munthu pa msika. Chilungamo chimafunsa china, ndicho chimene munthu ayenera kulandira.

Mukadzapita ku boma, mudzaime pang'ono pafupi ndi mlatho wa pa Shire, pamene pali nsanja ya wotchi yokumbukira Mfumukazi Victoria. Pambali pake pali mfuti yaikulu ya mtundu wa Hotchkiss imene idali pa sitima ya Guendolen. M'mwezi wa August 1914, nkhondo yaikulu itangoyamba ku Ulaya, sitimayi motsogozedwa ndi Kaputeni Rhoades idapita ku Sphinxhaven, kumene lero timati Liuli, ku gombe la Tanzania, niombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann imene idali pamtunda kukonzedwa. Nkhaniyi imakambidwa kwambiri, ndipo dzina la kaputeni lili m'mabuku. Koma sitima za pa nyanja yathu masiku amenewo zinkayendera nkhuni. Panali anthu odula mitengo m'madoko, anthu osenza mitolo kukweza m'sitima, anthu osonkhezera moto pansi m'chipinda chotentha ngati ng'anjo, amene sadaone n'komwe kumene chipolopolo chidagwera. Popanda iwo mfutiyo siikadachoka ku Fort Johnston. Pa chikumbutso tidaimika mfuti. Nkhwangwa ya wodula nkhuni palibe amene adaisunga. Ndipo pa nkhondo yomweyo amuna a dziko lino pafupifupi 200,000 adagwira ntchito ya tengatenga, kusenza chakudya ndi zipolopolo za asilikali, ambiri nafera m'njira ndi njala ndi matenda, maina awo osalembedwa pa mwala uliwonse.

Ngakhale m'ndege zenizeni za nkhondo mlanduwu udalipo. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndege ya Angerezi ya Lancaster inkanyamula anthu 7, ndipo wa mfuti ya kumchira ankakhala yekha m'kachipinda kozizira koopsa, maola ambiri, kuyang'anira mdima. Mwa anthu pafupifupi 125,000 amene adauluka m'gulu la ndege zoponya mabomba, 55,573 adafa. Imfa siidasankhe woyendetsa kapena woombera. Koma mendulo zidasankha, pakuti panali mendulo ina ya maofesala ndi ina ya asilikali wamba pa kulimba mtima kofanana m'ndege imodzi, ndipo kusiyanitsa kumeneku kudatha m'chaka cha 1993. Kumeneko woyendetsa ndiye kawirikawiri ankakumbukiridwa, oombera ambiri ali masajeni chabe. Mukuona kuti chinyengo chake sichikhala mbali imodzi: pena aiwala woyendetsa, pena aiwala woombera.

Anzeru akale adalingalira zimenezi mozama. Aristotle, ndipo pambuyo pake Thomas Aquinas Woyera, adaphunzitsa kuti chilungamo chili pawiri. China ndi cha posinthana, monga pogula ndi pogulitsa: ndikupatsa ndowa ya usipa, undipatse mtengo wake wokwanira, ndipo pamenepo sitifunsa kuti iwe ndiwe yani. China ndi cha pogawa zinthu za gulu kwa ziwalo zake, ndipo pamenepo muyeso wake si wakuti onse alandire zofanana, koma wakuti aliyense alandire molingana ndi malo ake ndi zimene waikapo. Cholakwa cha mnyamata woombera uja chidali kutenga mlandu wa mtundu wachiwiri nauweruza ngati wa mtundu woyamba. Iye adaganiza kuti adani ogwawo ndi katundu wake, ndipo kuti mnzake ali kupempha mphatso. Koma adaniwo adagwetsedwa ndi ndege, ndiye kuti ndi anthu awiri pamodzi. Chipambanocho chidali cha onse chisanakhale cha wina aliyense. Momwemonso usipa wa m'boti ndi wa gulu lonse usanagawidwe, ndipo amene agawa sapatsa zake, angopereka kwa eni ake. Papa Pius XI, m'kalata yake ya 1931 yotchedwa Quadragesimo Anno, adanena mfundo yomweyi pa za eni chuma ndi antchito: chimene chapezeka ndi mphamvu za onse awiri n'kulakwa kuchiyesa cha mbali imodzi, ndipo n'kusalungama kuti mbali imodzi ichitenge chonse. Makolo athu adaifupikitsa nkhaniyi ponena kuti chala chimodzi sichiswa nsabwe. Ndipo palibe adamvapo chikhadabo cha kumanja chikudzitama kuti nsabweyo chidapha ndicho.

Koma nkhani imene imandigwira mtima koposa ili m'buku loyamba la Samuele, mutu 30. Davide ndi anthu ake 600 adabwerera ku Zikilagi napeza mudzi utatenthedwa, akazi ndi ana atatengedwa ndi Aamaleke. Adawalondola, koma pofika pa mtsinje wa Besori anthu 200 adalefuka, osatha kuoloka, natsala pamenepo ndi katundu. Otsala 400 adapitirira, namenya nkhondo, nalanditsa zonse, ndi zofunkha zambiri pamwamba. Pobwerera, ena mwa omenya nkhondowo adati otsala aja asalandire kanthu, angotenga akazi awo ndi ana awo azipita. Tisawaweruze msanga anthu amenewa, pakuti mfundo yawo ndi yomwe ija ya mnyamata wanga: ife ndife tidagwira lupanga, ife ndife tidakhetsa mwazi, iwo adali kupuma pa mthunzi. Davide adakana. Adalamula kuti gawo la wotsala ndi katundu lifanane ndi gawo la wopita kunkhondo, ndipo lidakhala lamulo mu Israele.

Chifukwa ninji adatero? Choyamba chimene adawakumbutsa n'chakuti chipambanocho adachita kupatsidwa ndi Mulungu, kotero sadali ndi ufulu wochiumira. Msodzi aliyense amamvetsa zimenezi bwino kuposa munthu wa mu ofesi: khoka lomwelo, anthu omwewo, luso lomwelo, lero boti lidzaza, mawa libwera lopanda kanthu. Palibe siginala amene adalenga usipa. Koma palinso nzeru ya mtsogoleri. Anthu 400 aja adathamanga opepuka chifukwa katundu wawo adali ndi omusunga. Ndipo Davide adadziwa kuti kudzakhala nkhondo zina. Akadalola kuti wotsala ndi katundu azimanidwa, tsiku lina palibe amene akadavomera kutsala. Wodwala akadadzikoka kupita kunkhondo nakafera chabe, ndipo msasa ukadakhala wopanda mlonda. Kagawidwe ka lero ndiko kamaphunzitsa anthu mmene adzachitire mawa. Opanga masewera a ku Sweden adatulukira ndi makompyuta awo chimene Davide adachiona pa mtsinje wa Besori.

Apa wina wa inu adzanditsutsa, ndipo ali ndi mfundo. Adzati: "Bambo, ngati ndi tero, tigawe zonse mofanana, siginala ndi wokapa madzi alandire chimodzimodzi. Kodi pamenepo ndani adzavutika kuphunzira luso la siginala, zaka ndi zaka kuyang'ana m'madzi? Ndani adzagula khoka, podziwa kuti likang'ambika pa miyala kapena likabedwa, kutaya n'kwake yekha?" Ndivomera. Lamulo la Davide silitanthauza kuti kusiyana kulikonse n'tchimo. Anthu 200 aja ndi 400 aja adali asilikali a msinkhu umodzi, amene adayenda ulendo umodzi, ndipo kutsala kwawo kudali kwa tsiku limenelo chabe. Mawa otsala akadakhala ena. Chimene Davide adakana ndi kuchotsa munthu m'gulu la olandira chifukwa chakuti dzanja lake silidali lomaliza. Funso lakuti ndani alandire, ndi funso lakuti alandire zingati, ndi mafunso awiri. Pa loyamba muyeso ndi umodzi: kodi akadapanda iyeyu, ntchito ikadatheka monga idathekera? Ngati iyayi, ali ndi gawo, ndipo gawolo ndi mangawa, si chifundo. Pa lachiwiri mpomwe tiyang'ana luso, kulemera kwa ntchito, ndi zoopsa zimene munthu wadziikamo.

Ndipo pa zoopsazi ndi pamene kagawidwe ka pa madoko athu kamandivuta. Luso timalilipira, chuma timachilipira, koma moyo umene mlovi amauika pa madzi usiku uliwonse sitiuwerengera konse. Mwini khoka akataya, ataya khoka. Mlovi akataya, amayi ake alandira mtembo, ngati nyanja yaubweza. Alovi angapo andidandaulira kuti kwa mabwana ena, boti likabwera lopanda nsomba, mtengo wa mafuta a usiku umenewo umasungidwa kuti udzachotsedwe pa nsomba za tsiku lotsatira, kotero kuti pa sabata ya mwera mlovi amagwira ntchito masiku angapo n'kupezeka kuti ali ndi ngongole. Enanso amati mwini zida amagulitsa nsomba yekha, natchula mtengo umene iwo sadaumve ndi makutu awo. Sindinena kuti onse amatero. Ndidziwa eni makoka oopa Mulungu, Akhristu ndi Asilamu omwe, amene amawerengera ndalama poyera pa mchenga, ndipo alovi awo sawachoka. Koma kumene zoipazi zichitika, mwini zida sangadzitchinjirize ndi mawu akuti adavomera okha. Papa Leo XIII adayankha kale zimenezo mu 1891, m'kalata ya Rerum Novarum: wantchito akavomera malipiro osakwanira chifukwa cha njala kapena mantha, kuvomera kwakeko sikusandutsa malipirowo kukhala olungama. Pali malire a pansi amene gawo la munthu wamkulu wogwira ntchito usiku wonse siliyenera kutsikirapo, ndiwo akuti adye iye ndi a pa banja pake. Pamwamba pa malire amenewo siginala alandire zake zochuluka, ndipo palibe amene adzamchitira nsanje mwachilungamo.

Nkhaniyi ili ndi mbali ina imene mnyamata woyendetsa uja sadaiganizire, ndipo nditamuuza adakhala chete. Ngati afuna gawo la ulemu pa adani amene mnzake adagwetsa, avomerenso gawo la mlandu mnzakeyo akaombera osalakwa. Sangati pa mphotho tidachita tonse, pa mlandu adachita yekha. Thomas Aquinas, pokamba za kubweza zakuba, adatchula njira 9 zimene munthu amalowera m'tchimo la mnzake, monga kulamula, kulangiza, kuvomereza, kubisa wolakwa, kulandirako gawo, ndi kukhala chete pamene udindo wake udali wolankhula. Mwini khoka amene atuma anthu ake kukakoka m'nyengo yoletsedwa, pamene chambo chili kuswana, kapena amene asokerera neti ya udzudzu pa khoka lake, sangati ine ndidali kunyumba. Adalandira theka la phindu. Theka la mlandu lili pa khomo pake, kapena kuposa theka, popeza ndiye adalamula. Amene adaona mmene chambo chidathera m'nyanja ya Malombe kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 adziwa kuti chidatha ndi manja ambiri, a okoka, a eni makoka, a ogula, ndi a ife amene tidadya osafunsa.

Sindingamalize osatembenuza nyali kuunika m'nyumba mwathu. Inu akatekisi mumaphunzitsa akatekumeni zaka ziwiri, kuyenda pa njinga m'matope kupita ku nthambi za kutali, kuyendera odwala, kuyanjanitsa mabanja, kuika maliro pamene wansembe sadathe kufika. Kenaka ine ndifika ndi galimoto tsiku limodzi, ndithira madzi pa mitu makumi asanu, ndipo m'buku la ubatizo, pa mzere wa wobatiza, mulowa dzina langa. Malipoti akapita kwa Ambuye Episkopi, chiwerengerocho chimaoneka ngati ntchito ya bambo mfumu. Kunena zoona, pa ndege imeneyi woombera ndine, ndipo buku lathu nalonso silinama. Pamene ndidali wansembe wachinyamata ndidalandirapo mbuzi ndi nkhuku za chithokozo pa nthambi ina, ndidazikweza zonse m'galimoto, ndipo katekisi wokalamba amene adakonza anthuwo adandithandiza kumanga zingwe, nandibayibitsa, nabwerera kwawo wapansi. Sadanene kanthu. Ndidazindikira ndili kale pa msewu waukulu, ndipo manyazi adandiletsa kubwerera, chimene chidali cholakwa chachiwiri. Makomiti a tchalitchi, pokonza ndondomeko ya chuma cha chaka, aziyamba afunsa za gawo la katekisi asanafike pa utoto wa mpanda.

Anyamata aja ndidawaitananso Lachitatu madzulo. Sindidawaweruze, koma ndidawauza kuti akadzaseweranso asinthane mipando, ndipo adzandiuze zotuluka. Lamulungu lotsatira wamng'ono uja adabwera yekha ku sakristiya, akupinda mkanjo wake mosayang'ana kumaso. Adati adayendetsa katatu, ndipo katatu konse adagwetsa ndege pa phiri mnzakeyo asanaombere n'kamodzi komwe. Wamkulu naye, atapeza woyendetsa wina, adaombera zipolopolo zonse m'mwamba osalasa kanthu. Tsopano agwirizana kuti aziphatikiza mapointi awo pa pepala ndi kuwagawa pakati. Koma akadali kukangana ngati woyendetsa ayenera kuonjezeredwa pang'ono pa ulendo umene wabweza ndege yosaphwanyika, ndipo andipempha kuti ndikafunse kwa siginala wina wa m'parishi muno kuti iwo amatani.